Zilombo Zamwala za Mzime

Kwa zaka zisanu ndi zinayi, Loweruka lililonse masana, tinkakumana pabalaza pa Aphunzitsi n'kumamenyana ndi zilombo zomwe kulibe. Musaseke. Anthu akuluakulu ndithu, ena a zidzukulu, kuzungulira tebulo lodyera, aliyense ndi pepala lake, pensulo yake ndi timadayisi take. Masewera ake amayenda chonchi: munthu mmodzi amatsogolera, ndiye amapeka dziko lonse, misewu yake, mvula yake ndi zilombo zake. Otsalanu aliyense amakhala ndi munthu mmodzi wa m'nkhanimo, wolembedwa papepala pamodzi ndi zida zake, luso lake ndi kuchuluka kwa moyo wake. Umanena chomwe munthu wako akufuna kuchita, kenako umaponya dayisi kuti uone ngati zatheka. Moyo wa papepalawo ukatha, munthu wako wafa basi, sabweranso.

Wanga anali Chinyundo, msilikali wa chifuwa ngati chitseko cha galaja. Ndinamupanga tsiku loyamba lenilenilo ndipo anali asanafepo. Ine ntchito yanga ndi yokonza mafiriji. Sabata yonse ndimagwada kuseri kwa mafiriji a anthu, kupuma fumbi ndi kupatsana moni ndi mphemvu, ndiye mungamvetse chifukwa chake Chinyundo ndinkamukonda kuposa abale anga ena.

Chaka chino kukhosi kwa Aphunzitsi kunayamba kuvuta. Adokotala anawauza kuti asiye kulankhula nthawi yaitali, ndiye munthu wosalankhula angatsogolere bwanji? Loweruka lina anangolemba pakapepala n'kukaika pakati pa tebulo: mpando wawo ukufuna mwini wina, iwo azingosewera ngati tonsefe.

Aliyense ankadziwa kuti mpandowo ndi wa Loya. Loya si loya ayi, amagulitsa zipangizo za galimoto, koma buku la malamulo a masewerawa analiloweza lonse mpaka manambala a masamba, ndiye dzinalo linamukanirira. Anali atayamba kale kukonza kolala ya shati yake pomwe mawu ena anamveka kuchokera kukona.

"Inenso ndikufuna ndiyese."

Anali Mzime, mlongo wanga, wotsiriza m'mimba mwa amayi athu. Anali atasewera nafe zaka ziwiri, koma mukanandifunsa kuti walankhulapo chiyani pa zaka ziwirizo ndikanakanda pamutu. Amagwira ntchito ya ulonda pakhomo la nyumba ina ya maofesi, ndipo ngakhale patebulo ankakhala ngati ali pantchito, msana chilili, manja pamiyendo, maso okha n'kumayenda.

Aphunzitsi analembanso pakapepala. Loya atsogolere Loweruka limodzi, Mzime Loweruka linalo, kenako atatu otsalafe tivote: iwowo, Anesi ndi ine. Sizinatenge nthawi kuti mbali zidziwike. Aphunzitsi mtima wawo unali pa Loya, yemwe anawathandiza kunyamula mabuku kuyambira kalekale. Anesi, omwe amagwira ntchito kuchipatala cha ana ndipo sabisa mawu, ananena poyera kuti atopa kumva mawu a amuna. Choncho nkhani yonse inatsamira pa ine.

Pobwerera kunyumba m'kagalimoto kanga ka ntchito ndinamuuza mosapsatira.

"Usaganize kuti ndikuvotera chifukwa tinayamwa bere limodzi. Iwe ndiwe wofatsa mopyola. Umalephera kuthamangitsa mphaka pabedi pako, ndiye ungalimbane ndi anthu anayi okakamira?"

"Ndamva, achimwene."

"Ukuufuniranji mpandowo?"

Anayang'ana panja. "Ndili ndi makope atatu odzaza nkhani. Palibe amene anazimvapo."

Ndinangokhosomola, n'kusintha giya. Sindinkadziwa n'komwe kuti mlongo wanga amalemba.

Loweruka la Loya linadutsa bwinobwino. Anatibweretsera chinjoka chamoto, ndipo chilichonse chomwe chinjokacho chinachita ankatiuza tsamba lomwe chachokera. Sanalakwitse ngakhale pamodzi. Anesi anayasamula kasanu, ndinawerenga, koma Chinyundo anapha chinjokacho ndi nyundo yake monga mwa masiku onse, ndipo ndinapita kunyumba ndikudziuza kuti voti yanga yapeza mwini.

Lachitatu lotsatira anandiitana kukakonza firiji ku ofesi ina ya pansanjika yachitatu. Ndinalowa ndikulankhula pafoni, ndinakwera chikepe, ndinagwira ntchito yanga maola awiri, ndinatsika. Ndili pafupi kukankha chitseko chagalasi kuti ndituluke, ndinamva mawu pambali panga penipeni.

"Achimwene."

Ndinadzidzimuka mpaka thumba la zida linandimenya bondo. Mzime anali ataima pafupi ndi mphika wa maluwa, yunifomu yake yabuluu, wailesi yake palamba. Nyumba imeneyo ndi yomwe amalondera, ndipo ine ndinali nditamudutsa m'mawa uja pa mtunda wosakwana mkono.

"Iwe, unali pomwepa?"

"Chiyambire sikisi koloko. Mwalowa mukuuza alamu anga pafoni kuti mwafika kale pamwamba, pomwe munali pakhomo pano. Mwawauzanso kuti mankhwala anu a m'mawa mwamwa, koma botolo lake likuonekera m'thumba la shati losatsegula."

"Chabwino, chabwino."

"Polowa munali ndi makwerero aang'ono. Ali kuti?"

Makwerero ndinali nditawaiwala pansanjika yachitatu. Ndinatukwana chapansipansi. Iye sanaseke, koma milomo yake inkanjenjemera.

"Si inu nokha," anatero. "Munthu akaima phee nthawi yaitali, anthu amamuyesa khoma. Mabwana amakambirana za kuchotsa anzawo ntchito ataima pomwe mwaimapo. Ndimadziwa amene akusiyana ndi mkazi wake, amene akufunsira ntchito kwina. Ndipo polowa aliyense amakhala tcheru. Potuluka ndiye ayi, manja odzaza, mutu uli kale kunyumba."

"Ndiye Loweruka utibweretsera chiyani?"

"Zilombo zamwala."

Ndinaseka mpaka mayi wina wa padesiki yolandirira alendo anadzutsa mutu. M'buku zilombozi amazitcha gagoyilo. Ndi zinthu za mapiko, nyanga ndi zikhadabo, thupi lonse lamwala, ndipo nzeru yake ndi imodzi yokha: zimakhala duu ngati chiboliboli, munthu akayandikira n'kumulumphira. Kwa anthu oyamba kumene n'zoopsa. Koma ife tinali titazitulukira kalekale. Patebulo pathu panali mwambo, ndipo ndinauyambitsa ndine: tikalowa pena paliponse n'kupeza chiboliboli, sitifunsa, Chinyundo amachiphwanya kaye. Tinaphwanyapo ziboliboli za mafumu, za ana, ngakhale cha mbuzi.

"Mwana wa amayi, sankha china," ndinamuuza. "Zimenezo tizimaliza tiyi asanazizire."

"Kakatengeni makwerero, achimwene. Anthu a pamwambapo amatseka nthawi ya nkhomaliro."

Loweruka Mzime anafika tonse tisanafike. Pabalaza pa Aphunzitsi ndi popanikiza: tebulo, mipando isanu yosafanana, shelefu ya mabuku yopendekeka, ndi wotchi yapakhoma yomwe imatsogola ndi mphindi khumi. Pakati pa tebulo Mzime anali atayala kachisi wopangidwa ndi makatoni a nsapato, bwalo lake lojambulidwa timabokosi, khoma lozungulira, chipata, ndi denga lotsetsereka lomata ndi guluu. M'bwalomo anaikamo timiyala khumi ndi tiwiri totola m'mbali mwa msewu. Ndinaona kuti ntchitoyo inamudyera masiku, ndipo ndinamumvera chisoni pang'ono.

Chinthu choyamba chomwe anachita chinali kuchotsa chikatoni chotchinga. Wotsogolera aliyense amakhala kuseri kwa chikatoni chimenechi, kuti osewera asaone zolemba zake ndi madayisi ake. Iye anachipinda n'kuchiika pansi pa mpando.

"Ndili ndi zinthu ziwiri," anatero, mawu ake otsika moti Aphunzitsi anatchera khutu ndi dzanja. "Madayisi anga ndiziponyera pakati, aliyense aziona. Chachiwiri, anthu anu akakhala m'bwalo la kachisi, chilichonse chomwe mulankhule patebulo pano, ndiye kuti anthu anuwo alankhula."

"Eya, eya, tamva," anatero Loya, akutsegula buku lake. Tonse tinavomera ngati momwe munthu amavomerera akamauzidwa za inshuwalansi.

Nkhani yake inali yosavuta. Tauni ina inkafuna belu lake lakale, lomwe linatsala m'kachisi wosiyidwa paphiri. Ife tikalitenge. Loya ankasewera munthu wamatsenga woponya mphenzi. Anesi ankasewera mbala, chifukwa anakana kalekale kukhala wochiritsa, amati akuchiritsa anthu sabata yonse ndiye Loweruka akufuna kuba. Uchiritsiwo unagwera Aphunzitsi, omwe anapanga nkhalamba ya ndodo, ndipo poti kukhosi kunali kotseka, zonse zomwe nkhalambayo inkachita ankazilemba patimapepala n'kumapatsira Mzime.

Atayamba kufotokoza, ndinaiwala kuti ndi mwana uja ndinkamupukuta mamina. Sankakweza mawu kapena kugwedeza manja ngati Aphunzitsi. Ankangonena zomwe zilipo, chimodzichimodzi, ngati akupereka lipoti kwa abwana ake. Mvula ikugwa. Chipata chachita dzimbiri. M'bwalo muli ziboliboli khumi ndi ziwiri za mapiko ndi nyanga, zayang'ana kuchipata. M'mphepete mwa denga muli mitu isanu ndi umodzi yamwala, yoyasama, ndipo madzi a padenga akutulukira m'kamwa mwake n'kumagwera pansi.

"Khumi ndi ziwiri!" ndinakuwa. "Lero kuli ntchito. Chinyundo wavula jekete."

Tinaziphwanya zonse. Zinatitengera pafupifupi ola lathunthu. Loya anawononga mphenzi ziwiri pa zikuluzikulu za pafupi ndi khomo, kuti zisadzuke n'komwe. Mwendo wa mbala ya Anesi unaphwanyidwa ndi phiko lamwala lomwe linagwa. Ine dayisi inandigwera pa wani, ndipo mpini wa nyundo unachita mng'alu. Mzime ankangochotsa kamwala kalikonse n'kuikapo kamulu ka mchenga wochokera m'kabotolo. Palibe ngakhale chimodzi chomwe chinagwedezeka. Zonse zinali ziboliboli wamba.

"Basi?" anatero Loya. "Zilombo zija n'zimenezi?"

"Mwatsala ndi milu khumi ndi iwiri ya miyala," anatero Mzime. "Mvula ikugwabe."

Ndiye tinakhala pomwepo, tianthu tathu tili pakati pa bwalo, n'kuyamba kupangana monga timachitira nthawi zonse, mokweza, aliyense kufuna kuposa mnzake. Loya analengeza kuti watsala ndi mphenzi imodzi yokha ndipo aisungira zam'kati. Anesi anati mbala yawo singathamange, ikutsimphina mwendo wamanzere. Ine ndinati belu ndinyamula ndekha kumsana, andimangirire ndi chingwe, manja onse awiri agwire zingwezo. Aphunzitsi sananene kanthu. Analemba kapepala, Mzime anakawerenga, anagwedeza mutu n'kukaika pansi pa kapu yake.

M'kachisimo munalibe zambiri. Makoswe, masitepe owola, chitseko chachitsulo chomwe Loya anachitsegula ndi mphenzi yake yotsiriza ija chifukwa anatopa kudikira mbala. Tikukwera kunsanja, Mzime anati, "Mwadutsa pawindo. Panja mvula yakula. M'mphepete mwa denga mitu inayi ikulavula madzi."

"Inayi?" anatero Anesi. "Paja poyamba..."

Koma nthawi imeneyo ine ndi Loya tinali titagwirana pakhosi pa nkhani ya kulemera kwa belu. Iye amati tsamba lakutilakuti likuti munthu sanganyamule, ine ndimati Chinyundo si munthu wamba. Mawu a Anesi anamira. Mzime sanabwereze. Anangotiyang'ana, manja ali pamiyendo, mpaka titamaliza.

Tinatsika nalo belu. Anandimangirira. Tinatsegula khomo kuti tituluke, Anesi akufunsa kale ngati mabisiketi atsala.

"Madzi akutsika ndi makoma," anatero Mzime. "M'mphepete mwa denga mulibe mutu ngakhale umodzi. Milu ya miyala ija ilipobe, koma ina ikuoneka yokulirapo kuposa momwe munaisiyira."

Ndinamva wotchi ija ikugunda.

"Mayo ine," anatero Anesi chapansipansi.

Mzime anapisa m'thumba la siketi n'kutulutsa timiyala tisanu ndi kamodzi takuda. Tinayi anatiika pa milu ya mchenga, tiwiri pamwamba pa chipata. Zilombozo zinali padenga nthawi yonseyi, zikugwira ntchito ya mipaipi ya madzi, zikutionerera tikutha mphamvu pa miyala yopanda moyo. Ndipo malo obisalamo tinazikonzera tokha ndi nyundo yanga.

Ziwiri zinalunjika kwa wamatsenga wa Loya, osaopa n'komwe.

"Imani kaye!" Loya anaimirira. "Zilombozi zimaopa amatsenga. Zadziwa bwanji kuti ndilibe mphenzi?"

"Munanena nokha kuti mwatsala ndi imodzi, mutaima apa." Mzime analoza kabokosi kena pakati pa bwalo. "Itaphulika m'katimo zinaimva. Kuwerenga mpaka wani zimatha."

Loya anatsegula buku. Anapita kutsogolo, anabwerera m'mbuyo, ananyowetsa chala ndi malovu. Tonse tinadikira. Kenako analitseka pang'onopang'ono n'kukhala pansi, ndipo chiyambire kumudziwa ndinali ndisanaonepo Loya akutseka buku popanda kutchula tsamba.

Chachitatu chinazungulira mbala ya Anesi n'kuidzera kumanzere, kumwendo wopweteka uja. Chachinayi chinatseka njira. Palibe chomwe chinalabadira nkhalamba ya Aphunzitsi, chifukwa nkhalambayo inali isanalankhulepo mawu amodzi m'bwalomo, ndiye zilombozo zinaiyesa wopemphetsa wongotsatira. Apa Aphunzitsi analoza pansi pa kapu. Mzime anatulutsa kapepala kaja n'kutiwerengera: "Ndawerenga mitu ya padenga. Ndakonzeratu pemphero losungunula mwala." Zilombo ziwiri zinasanduka matope. Aphunzitsi anaseka kopanda mawu, mapewa okha kugwedezeka, misozi ili mbwee, ndipo nkhalamba yawo inakokera wamatsenga ndi mbala mpaka kunja kwa chipata.

Ndinayang'ana mlongo wanga, ndipo ndinanyadira. Chilichonse anali atatiuza poyera. Sanatinamize ngakhale kamodzi. Anangotidziwa bwino kuposa momwe tinkadzidziwira.

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ziwiri za pachipata zija zauluka. Sizikukumenyani. Zagwira zingwe za belu, uku ndi uku, ndipo zikukunyamulani."

Anaponya dayisi pakati pa tebulo. Zinatheka. Chinyundo, yemwe anali asanagwetsedwepo ndi chinthu chilichonse, anali lende m'malere ngati thumba la zovala, nyundo ili palamba, manja ali pazingwe.

"Muli pa msinkhu wa denga laling'ono la pakhonde," anatero. "Mukamasula mfundo, mugwera padengapo, mupweteka pang'ono koma mukhala moyo. Belu zipita nalo."

"Chinyundo sasiya katundu. Ndichimenya ndi mutu."

Ndinaponya. Dayisi inagwera pa fili. Chinyundo anangodzitupitsa chipumi.

"Zakwera. Tsopano muli pa msinkhu wa nsanja. Pali mtengo pansi panu. Mukamasula panopa mwayi ulipobe."

"Alamu, masulani," anatero Anesi, omwe amanditcha alamu ngakhale palibe ubale. "Belu ndi belu."

"Sindimasula."

Ndinali ndi chifukwa changa, ngakhale sindikanachinena. Pa zaka zonsezi Chinyundo analowa m'mavuto oposa awa, ndipo nthawi zonse pamapeto pake china chake chinkachitika. Chilombo chinkaphonya, chingwe chinkakola panthambi, dayisi ya kuseri kwa chikatoni inkagwa bwino. Ndinkakhulupirira kuti munthu wanga ndi wamwayi. Ndinayesanso kumenya, ndinaphonyanso.

"Zadutsa nsanja," anatero Mzime. Mawu ake anali omwe aja, koma ndinaona kuti wagwira m'mphepete mwa tebulo. "Zikufuna kukusiyani. Achimwene, Chinyundo watsala ndi moyo wokwana khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kugwa kuchokera pamenepa ndi madayisi asanu ndi atatu. Ndikufunsani komaliza. Mukamasula, mutha kugwira mwendo wa chimodzi."

Apa ndi pomwe ndinachita chinthu chomwe chimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinamuyang'ana ndi diso lija ndinkamuyang'ana nalo ali mwana akagwira wailesi yanga, n'kunena motsitsa koma aliyense anamva:

"Mzime, ukudziwa kuti voti yotsala ndi yanga?"

Anesi anati, "Aaa, alamu!" Loya anayang'ana kudenga. Aphunzitsi anavula magalasi.

Ndinayang'ana mlongo wanga. Ndinaona makope atatu aja akudutsa m'maso mwake. Zinali zosavuta kuti andipulumutse: akanangoti chilombo chimodzi chatopa, kapena pansipo pali dziwe, ndipo palibe akanamutsutsa. Moyo wake wonse mwana ameneyu anali asanandikanizepo kanthu, ngakhale nyama ya m'mbale mwake.

"Ndikudziwa, achimwene," anatero. "Mumasula?"

"Ayi."

"Ndibwerekeni madayisi. Anga ndi asanu okha."

Anesi anamupatsa awiri. Loya anamupatsa imodzi. Anawasonkhanitsa m'manja onse awiri n'kuwagwedeza. Anawaponya pakati pa tebulo, pamaso pa tonse. Imodzi inagubuduka mpaka kugunda kapu yanga. Anesi anawerenga ndi chala, monga amawerengera mapiritsi, ndipo atadutsa makumi awiri anasiya.

Mzime anapuma kwambiri, kenako anafotokoza. Sanathamange ndipo sanapepese. Anati Chinyundo anagwa chafufumimba, atakumbatira zingwe, belu lili pamwamba pake, moti thupi lake ndi lomwe linaliteteza. Belulo silinasweke. Linalira kamodzi, mokweza, mpaka anthu a m'tauni kumunsi kwa phiri anatuluka m'nyumba zawo mvula ili pamutu. Anati anzake atatu aja atafika anapeza manja ake asanamasukebe.

Ndinamva chinthu chikuthyoka, ndipo inali pensulo yanga. Ndinakankha mpando n'kutuluka.

Pakhonde pa Aphunzitsi pali njinga yakale yopanda tcheni ndi ndowa ziwiri. Ndinaima pamenepo ndikupuma ngati ndathamangitsidwa. Ndinapsa mtima, inde, ndinkafuna kubwerera n'kukaponda makatoni onse aja. Koma pansi pa mkwiyowo panali china chomwe chinandidabwitsa. Mtima unkagunda mpaka m'makutu. Ndinayesa kukumbukira tsiku lomaliza lomwe unagunda choncho patebulo lija, ndipo sindinalipeze.

Chitseko chinalira. Aphunzitsi anaima pambali panga, anayang'ana njinga yawo, kenako anandikoka mkono kuti ndiwerame. Mawu awo anatuluka ngati pepala likung'ambika.

"Anafa kanayi."

"Ndani?"

"Chinyundo. Pamlatho paja. M'mgodi. Kawiri kunyanja." Anakhosomola. "Ndinkatembenuza dayisi kuseri kwa chikatoni. Ndinkaopa nkhope yakoyo."

Zaka zonsezi ndinkayenda chifuwa patsogolo, kudzitama ndi msilikali wosagonja, pomwe munthu wamkulu ankandinyengerera ngati mwana wolira maswiti. Ndipo amene anandiona kuti ndine wamkulu wotha kupirira zoona anali mwana wofatsa uja, pa tsiku lomwe kundinamiza kukanamupatsa chilichonse chomwe ankafuna.

Pawindo ndinamuona akutola timiyala take n'kumatiika m'kathumba kapulasitiki, kamodzikamodzi. Anali atayamba kale kumasula denga la kachisi. Ankaoneka ngati munthu amene wamaliza ntchito ndipo akudziwa kuti sadzaitanidwanso.

Titalowa, Anesi sanadikire kufunsidwa. "Ine ndi Mzime. Ndatsala pang'ono kudzikodzera pampando pano, ndipo sindinayasamule."

Aphunzitsi analemba nthawi yaitali, kufufuta, kulembanso. Kapepalako kanati: "Loya. Ndinamulonjeza kale, ndipo lonjezo ndi lonjezo." Sanathe kumuyang'ana Mzime. Loya nayenso sanaoneke wosangalala; ankangosisita chikuto cha buku lake.

Maso onse anabwera kwa ine. Pepala la Chinyundo linali pomwe ndinalisiya, lofewa ngati nsalu chifukwa cha kufufutidwa zaka zisanu ndi zinayi, pakona pali banga la tiyi. Ndinalipinda kanayi n'kuliika m'thumba la shati. Mkwiyo unali usanathe, ndiye mawu anatuluka okalipa kuposa momwe ndinkafunira.

"Makatoniwo ukuwaphwasuliranji? Belu lafika kale kutauni?"

Anaima, denga lili m'manja.

"Ndikufunsa. Loweruka likubwerali tiyambira pati? Mpando ndi wako, usatitayitse nthawi." Ndinakhala pansi. "Ndipo ine ndilibe munthu. Uli ndi pepala latsopano?"

Mzime anaika denga patebulo. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, anatsegula chikwama chake cha kuntchito, n'kutulutsa pepala losalembapo, lopindidwa bwinobwino pakati pa kope. Ndinasuzumira m'kopemo. Munalibe lina.

"Wabweretsa limodzi lokha?"

"Ena onse akanamasula, achimwene."

Anesi anaphulika kuseka mpaka anagwira pamimba, Loya naye analephera kudzigwira. Ine ndinalandira pepalalo ndi manja awiri, ndinaliyala patebulo, n'kupempha Anesi kuti andibwereke pensulo.